Malungo a pa Sabata

A Josiah Namakhwa anagwira ukalaliki pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osalawako tiyi ngakhale kapu imodzi. Anali mkulu wa mpingo wa Sabata, umene suloleza kumwa tiyi, ndipo aliyense, kuyambira mlonda wa pageti mpaka a ku fakitale, ankawatchula kuti a Elda, ndi Akatolika omwe. Iwo akanena kuti usiku kwagwa mvula yochuluka mwakuti, bwana sankavutikanso kukasuzumira m'chitini choyezera mvula. Zimene anena a Elda zinali zomwezo.

Chowasokoneza chinabwera mu Januwale wa 2007, m'chikwama chakuda. Bwana Dixon, manijala wa dera lawo, anaika laputopu patebulo nanena kuti kuyambira tsopano malipoti a mvula, a feteleza ndi a kudulira tiyi azilembedwa mmenemo, mabuku aja a zikuto zolimba apume. Anaikanso malamulo awiri: makinawo asatuluke mu ofesi, ndipo munthu asalowetsemo kanthu kalikonse.

"Si zovuta, a Elda," anatero bwanayo. "Mungoyendetsa chala pa kabwalo aka, ndiye kamuvi ako pagalasipo kazikutsatani."

"Chabwino, bwana."

Chinali chabwino cha pakamwa chabe. Zala za a Elda zinakulira pa mpini wa khasu kwa Changata, pamene kabwaloko kanali ngati bokosi la machesi. Akafuna kuloza apa ankapitirira, akabwerera ankapitiriranso. Kufunsa ndiye ayi. Afunse yani? Lolemba lililonse pageti pankafika achinyamata a masatifiketi a kompyuta kudzasiya makalata ofunsira ntchito, ndipo wolandira makalatawo anali iwo omwe.

Tsiku lina atatumidwa ku Limbe anagula mausi ya chingwe, yoti munthu n'kuigwira ndi dzanja lonse ngati sopo. Wogulitsayo anawapatsanso kasidi, kachimbale kakang'ono ka kompyuta, nati ayambe alowetsa kameneko kuti kompyuta iidziwe mausiyo. Vuto linatsala la malo ophunzirira popanda maso a anthu. Mu ofesi bwana ankalowa n'kutuluka. Kunyumba kunali a Leah akazi awo, adzukulu anayi ndi alendo osatha. Nyumbayo inkakhala yopanda munthu kamodzi kokha pa mlungu, Loweruka m'mawa.

Choncho Lachisanu laputopu inatuluka mu ofesi itabisala m'jasi la mvula, ndipo m'mawa wa Sabata a Elda anadzuka akubuula.

"Koma simukutentha," anatero a Leah atawagwira pamphumi.

"Ndi a m'mafupa awa. Pitani, mukandipepesere kumpingo."

Nyimbo za Sukulu ya Sabata zinkamveka bwinobwino kuchokera kutsidya kwa dambo pamene a Elda ankalowetsa kasidi kaja. Kompyuta inafunsa mafunso angapo m'Chingerezi chake chovuta, iwo n'kumangovomera lililonse. Kenaka mausi inayamba kugwira ntchito. Anasangalala ngati mwana, mpaka kuiwala nthawi. Anadzidzimuka atamva mawu a azimayi pakhonde. Anazula mausi, natseka laputopu, n'kulowa nayo m'bulangete.

Anali madikonesi atatu, motsogozedwa ndi mayi Marita, atanyamula phala ndi nthochi. Anagwada mozungulira bedi. Mayi Marita anaika dzanja pabulangete, pamimba pomwe panali makina amene anali atayaka maola awiri.

"Ee, abale, akutenthadi! Tiyeni tipemphere."

A Elda anatseka maso, ndipo thukuta limene linatuluka pamenepo linali lenileni.

Lolemba, mausi itabisidwa pansi penipeni pa chikwama chawo, anayatsa laputopu mu ofesi. Kamuvi kanali katapenga. Akangokhudza kabwalo kaja, iko kankathawira kungodya, n'kumanjenjemera komweko. Kenaka kankalumpha kokha, kutsekula zimene sanakatume, kukoka mzere wa lipoti n'kukautaya pakati pa mzere wina. Bwana Dixon anawapeza akulimbana nako.

"Lachisanu inali bwinobwino iyi. Waigwira ndani?"

Nthawi yomweyo mayi Eneless, amake Mwai, ankapukuta zenera. Mayiyu anathyola tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mpaka mawondo anatupa, ndipo chaka chapitacho, amuna ake atamwalira, a ku ofesi anamuchitira chifundo n'kumupatsa ntchito yosesa mu ofesi. Ndiye amene ankaphikira bwana tiyi, ndipo m'mawa uliwonse ankaikira a Elda madzi otentha a mandimu osachita kuuzidwa. Maso a a Elda anagwera pa nsalu yonyowa inali m'manja mwake.

"Mwina madzi, bwana," anatero. "Amake Mwai amapukuta matebulo ndi nsalu yonyowa."

Pambuyo pake ankadzitonthoza ndi liwu lija lakuti mwina. Sananene kuti ndi iyeyo, anangoti mwina. Koma mwina wa a Elda sanali mwina wa munthu wamba. Bwana anafunsa Eneless ngati anapukuta tebulolo m'mawa umenewo laputopu ili pompo. Iye anavomera, nagwada pasimenti, mawondo otupa omwewo, n'kupepesa. Tsiku lotsatira anabwezedwa kumunda ndi dengu kumsana, pakati pa dzinja, nthawi imene tiyi amaphuka mosapumira. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Apa zinadyedwa ndi wamkulu n'kukapota mayi wamasiye.

Bodza limafuna kulisamalira ngati khanda. Popeza ananena za madzi, a Elda anayenera kuyanika laputopu padzuwa pamaso pa anthu. Tsiku lina anainyamula okha mpaka ku fakitale, n'kuimirira nayo pafupi ndi makina oumitsira tiyi, akudziwa bwino lomwe kuti mulibe dontho ngakhale limodzi. Akatsala okha ankayesa zawo. Ankaizimitsa n'kuiyatsanso, ankauzira m'mphepete mwa kabwalo kaja, ankapukuta zala ndi mpango, mpaka kuzipaka choko. Kamuvi kankakhala phee mphindi ziwiri ngati kamva, kenaka n'kuyambiranso. Madzi a mandimu analeka kubwera. Kudzera pazenera ankatha kuona mizere ya othyola tiyi paphiri, choncho anatembenuza mpando kuti uziyang'ana kukhoma.

Patapita milungu itatu, likulu la kampani ku Blantyre linatumiza wokonza makompyuta. Wokonzayo atatsika m'galimoto, a Elda anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali Nancy, mwana wa mayi Marita, amene iwo omwe anamuphunzitsa malamulo khumi ku Sukulu ya Sabata ali ndi mano ogweluka.

"Mwaswera bwanji, a Elda? Munachira?" anafunsa akupinda mawondo mwaulemu.

"Ndinachira, mwanawe. Ambuye ndi abwino."

Bwana anawasiya awiriwo n'kulowa mu ofesi yake. Nancy anakhala pampando, nayendetsa chala, naonerera kamuvi kakuvina. Anazimitsa makinawo, ndipo poyatsanso anadinadina batani lina lapamwamba. Galasi linabwera ndi zilembo zikuluzikulu, lakuda m'mbali.

"Apa ndaiyatsa mu safe mode," anafotokoza. "Imadzuka ndi zofunika zokhazokha, zongowonjezera zonse zimatsala zili mtulo. Tayesani tsopano."

A Elda anaika chala. Kamuvi kanatsatira mofatsa, kumanja, kumanzere, osalumpha ngakhale pang'ono.

"Mwaona? Madzi akanalowa, kakanapenga ngakhale muno, chifukwa chowonongeka ndi chowonongeka basi. Kabwaloka kali bwinobwino. Problem ili m'mapulogalamu."

"Kapena madziwo auma," anatero a Elda ndi mawu otsika.

Nancy anaiyatsanso mwa masiku onse, ndipo kamuvi kanayambiranso misala yake. Anawayang'ana pang'ono, n'kupitiriza ntchito. Pogwiritsa ntchito mabatani okha, anatsekula mndandanda wa ziwalo za kompyutayo, natsika mpaka pamene panalembedwa za kamuvi.

"Nazi apa. Chiwalo chilichonse chili ndi kapulogalamu kake kamene kamauza kompyuta mmene imverere chiwalocho. Timakatcha draiva. Kabwaloka kanali ndi draiva wake, koma wina wabwera pamwamba pake, wa mausi, ndipo onse awiri akulamula kamuvi kamodzi. Zili ngati makapitawo awiri pagulu limodzi, wina akuti tsikani, wina akuti kwerani. Alipo analowetsa sidi ya mausi muno?"

"Sindikudziwa."

"Palibe vuto. Imalemba yokha tsiku limene chinthu chinalowa."

Zimenezo a Elda sankazidziwa. Nancy anatsekula tsamba lina, nawerenga, ndipo chala chake chinaima m'malere. Anayang'ana kalendala ya pakhoma. Kenaka anatembenuzira galasi kwa iwo mwakachetechete. Panalembedwa 3 Febuluwale, 10:40 m'mawa. Linali Loweruka, nthawi imene mlaliki amakhala akukwera pagome. Aliyense pa esitetipo ankadziwa kuti a Elda sagwira ntchito Loweruka, ndi kuti kiyi wa dirowa yogona laputopu amakhala m'thumba mwawo.

"Tsiku limeneli amayi anandiimbira foni," anatero Nancy akuyang'ana pansi. "Anati tonse tikupempherereni."

Manyazi amene anawagwira a Elda anali oti munthu n'kulakalaka nthaka itang'ambika. Akanakonda mwanayo akanawakalipira kapena kuwaseka. Koma iye anangobwerera ku ntchito yake. Anachotsa draiva wa mausi, nabwezeretsa wa kabwalo kuchokera pa sidi imene anabwera nayo, nazimitsa, nayatsanso. Anachepetsanso liwiro la kamuvi kuti zala zazikulu zisamapitirire. Zonsezo sizinathe ndi theka la ola.

Atamaliza anatulutsa fomu ya ku likulu.

"Pali mzere wofunsa chimene chinayambitsa. Ine ndilemba kuti draiva wolakwika, si madzi. Za tsiku sanafunse, ndiye sindilemba. Zotsalazo si zanga, a Elda."

Khomo lothawira linali lotsekula. Akanatha kunena kuti mwina wina wa ku likulu analowetsa sidiyo kale, kubisalanso m'liwu lija lakuti mwina kachiwiri, ndipo bwana akanakhulupirira. Koma anayang'ana kamuvi kali phee pakati pa galasi. Kenaka anapisa dzanja pansi pa chikwama, natulutsa mausi ija chingwe chili lendelende, n'kukagogoda kwa bwana. Anafotokoza zonse ali chiimire, kuyambira ku Limbe mpaka m'bulangete.

Bwana Dixon anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo kusekako kunawawa kuposa mbama.

"A Elda inu! Safunsa anadya phula. Mausi zilipo zitatu mu kabatimo, zinabwera limodzi ndi laputopuyo, zosafuna ndi sidi yomwe." Kenaka nkhope inasintha. "Koma mayi uja ndinamuchotsa pa mawu anu. Pitani mukamutenge nokha."

Anakwera phiri ali mu shati yoyera ndi tayi, nsapato zikumira m'matope ofiira. Othyola tiyi ankadzutsa mitu n'kumapereka moni. Anamupeza Eneless kumapeto kwa mzere, atatsalira kumbuyo kwa anzake, pulasitiki m'chiuno, mawondo atakulungidwa ndi nsanza. Atawaona anayesa kugwada, koma dengu linamulepheretsa.

"Amake Mwai, makina aja akonzedwa."

"Zikomo Ambuye! Ndiye ndigona lero. Tsiku ndi tsiku ndakhala ndikupempha Mulungu andikhululukire, chinthu chodula ngati chimene chija."

"Simunawononge ndinu. Munalibe madzi mmenemo. Ndinawononga ndine, ndipo ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba. Ndinakunamizirani."

Mayiyo anawayang'ana, masamba ali m'manja. Sanakwiye, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri. Ankaoneka ngati munthu amene akuyesa kumvetsa chilankhulo chachilendo.

"Ndiye sindine?"

"Sindinu."

"Komatu ine ndinkakumbukira kuti ndinailambalala, nsalu sinafikepo," anatero pang'onopang'ono. "Ndinawauza ana kunyumba, iwo akuti amayi kakaneni. Ine ndinati iyayi, mutu wanga ndi wokalamba uwu, umaiwala. Anena ndi a Elda."

A Elda anatambasula manja kuti amutule dengu lija, alinyamule okha mpaka pa sikelo, anthu onse aone. Ankafuna ndithu kuti aone. Koma Eneless anabwerera m'mbuyo, nagwiritsa zingwe za dengulo ndi manja onse awiri.

"Iyayi, lisiyeni, bambo," anatero. "Mungadetse shati."

Anayamba kutsika phiri akutsimphina, iwo akutsatira pambuyo chimanjamanja. Anali atafika pakati pa njira pamene anazindikira kuti mayiyo sanawatchule kuti a Elda.