Katundu wa Mkazi Yekha

"Makina anga ali kuti?" ndinafunsa chikwama chikadali paphewa.

Pakona pomwe pankakhala makina osokera panangotsala zidindo za miyendo yake pasimenti. Sizasi panalibe, chitini cha mabatani panalibe, ngakhale kampando komwe ndinkakhalira posoka. Ndinali nditangofika kuchokera kuchipatala, komwe ndinakhalitsa ndikudwazika mchemwali wanga.

Amuna anga, aphunzitsi a Chingerezi, sanadzutse n'komwe mutu pamakope omwe ankachonga.

"Ndinapititsa kokonzetsa. Amayamba dzimbiri."

"Nanga mabatani? Nawonso akukonzedwa?"

"Mayi, mwangofika kumene, mwayamba kale ndewu? Tizinthu timeneti n'tovutikira?"

Tizinthu! Makinawo anandisiyira ndi malemu mayi anga, ndipo amene anawapatsa dzina laulemu anali bambo omwewa, masiku omwe ankandifunsira. Ankabwera pakhonde pomwe ndinkasokera atanyamula buluku loti silinang'ambike kwenikweni, basi sukulu n'kuyambika. Tsiku lina analoza singano, ulusi ndi tepi yoyezera.

"Zonsezi pa Chingerezi amati paraphernalia," anatero. "Lero amatchulira tizipangizo tilitonse, koma liwuli linachokera kwa Agiriki. Linkatanthauza katundu wa mkazi yekha, amene walowa naye m'banja, woti mwamuna alibe naye gawo." Kenaka anatsitsa mawu. "Ukadzalowa m'nyumba mwanga, zako zidzakhala zako."

Ndinayesa kulitchula, lilime linakana, tinaseka mpaka misozi. Ndinakwatiwa ndi liwu lomwe sindinkatha kulitchula. Uchitsiru wina umabwera utamanga tayi.

Masabata anadutsa, makina osabwera. Nditapita kwa wokonza makina wa kumsika, anandilumbirira kuti sanawaonepo. Pobwerera ndinadzera kanjira ka kuseri kwa sukulu, ndipo ndisanaone kanthu ndinawamva. Makina aliwonse ali ndi kulira kwake. Anga amatsokomola pang'ono gudumu likamaima.

Pakhonde la kanyumba kena panakhala mayi wachitsikana, woyembekezera, akusoka kamalaya ka khanda. Pambali pake panali sizasi yanga, ulusi wofiira womwe mayi anga anakulunga pachogwirira kuti isamawadye chala ukadalipo.

"Odi, achemwali. Makina abwinotu awa. Munagula kuti?"

"Kugula? Ayi, amayi," anayankha akumwetulira mwamanyazi. "Anandibweretsera ndi abambo akunyumba. Ndi aphunzitsi, pasukulu pomwepa. Akuti ndi anga ndekha, iwo alibe nawo gawo. Zilinso ndi dzina lake la Chingerezi, para... parafe..." Anagwira pakamwa n'kuseka. "Limandikanika. Amandiseka nalo tsiku lililonse."

Ndinamumalizira liwulo, lonse, osaphonya. Aka kanali koyamba pamoyo wanga kulitchula bwino.

"Eee! Inunso mumalidziwa?"

Ndinangogwedeza mutu. Ndinapita ndi mkwiyo woti ndikapeza wakuba ndimung'ambe, koma pamaso panga panali mwana wa eni wosadziwa kanthu, akunyadira zomwe ine ndinanyadirapo. Makina anandipweteka, mimba yakeyo inandipweteka, koma chomwe chinandipweteka koposa n'chakuti munthu uja sanavutike n'komwe kupeka bodza latsopano. Anangotenga langa lomwe, n'kulinyamulira pamodzi ndi mabatani.

"Koma mwatuwatu, amayi. Ndi dzuwali? Pumulani kaye."

Anakoka kampando ka mayi anga, nakapukuta bwinobwino ndi kansalu, kuti mlendo ndikhalepo.