Msoko wa Mkazi wa Telala

Loya anali atamulangiza mkazi wa telala mobwerezabwereza. "Mayi, m'khotimo mukanene zonse zimene bambowa akulephera kuchita. Chipukuta misozi chimatsata kukula kwa bala. Mukabisa, mlandu wagwa."

Mayiyo anangogwedeza mutu. Chiyambire tsiku limene alonda a sitolo ina anamenya mwamuna wake pomuyesa wakuba, n'kumuthyola dzanja lamanja, ntchito yake yaikulu inali kubisa kumeneko. Zala za bamboyo zinkanjenjemera, msoko n'kumayenda ngati woledzera pamsewu. Ndiye masana, bambo akapita kuchipatala kukawongola dzanja, iye ankamasula zonse zimene zasokedwa m'mawa n'kuzisokanso. Makasitomala ankayamikira, telala n'kumamwetulira. Mayiyo ankaopa kuti akaulula, kumwetulira kumeneko kutha.

Tsiku la mlandu, loya wa eni sitolo anaimirira mwaulemu ngati wabwera kudzazonda matenda.

"Mayi, amuna anu ali bwanji masiku ano?"

"Akupezako bwino, zikomo."

Loya wa telala anagwira mutu. Koma musamuseke mayiyu. Ndi mkazi uti amene amavula mwamuna wake pagulu?

Loya wa eni sitolo anapitiriza: "Akusoka?"

"Akusoka."

"Alipo kasitomala amene anabwezapo chovala?"

"Palibe."

Loya wa eni sitolo uja anatembenukira kwa woweruza, nkhope ili ngwee. Pamenepo telala anayankhula ali pabenchi pomwepo, osapempha n'chilolezo chomwe.

"Mayi a mwana, nenani zonse."

Woweruza anamudzudzula, koma mawu anali atafika kale. Mayiyo anayang'ana pansi n'kuyamba kufotokoza: za lumo logwa m'manja, za mabatani a malaya amene amawamangira m'mawa uliwonse, kenako za misoko imene amamasula bambo akachoka. Zinamuwawa ngati akuwamenya kachiwiri ndi manja ake. Woweruza ankangolemba. Mlandu anauimitsa kuti adzapereke chigamulo tsiku lina.

Atatuluka anakhala pabenchi ya pakhonde, mayiyo osafuna kuonana maso ndi mwamuna wake.

"Mundikhululukire, bambo a mwana. Ndakuchititsani manyazi."

Telala anaseka pang'ono. "Inu mumayesa telala sadziwa msoko wake? Wanuwo ndinauzindikira tsiku loyamba. Mumamaliza ndi mfundo yaikulu ngati mukumanga mbuzi."

"Aa! Ndiye osanena bwanji nthawi yonseyi?"

Bamboyo anamugwira ndi dzanja lonjenjemera lomwelo.

"Ndinkaona mmene munkapumira ndikamwetulira. Alonda aja anamenya anthu awiri, mayi. Ndinkati mmodzi yekha achireko msanga."