Dima la kwa Aphunzitsi

Chaka chimene a Yoramu anaganiza zokalembetsa ku Wenela kuti akagwire ntchito kumigodi ya ku Joni, udzu m'munda mwawo unali utapitirira chimanga. Musaseke, zinali zochititsa manyazi. Munda wa aphunzitsi, munthu wovala taye, unkaoneka ngati mwini wake anamwalira kalekale. Unalinso m'mbali mwenimweni mwa njira ya ku Champiti, poti aliyense wodutsa awuone bwino.

Si ulesi ayi. M'mawa a Yoramu ankaphunzitsa ana, masana akuluakulu, Loweruka n'kumazungulira m'midzi kusaka ana othawa sukulu, Lamulungu kulalikira. Akati apume, pakhomo pafika amayi amene amuna awo ali ku Joni, kuti awawerengere makalata. Nanga malipiro ochokera kumishoni? Timasheleni toti ukapereka msonkho, n'kugula mchere ndi sopo, basi m'manja mwayera. Mkazi wawo, Edna, ndiye ankalimbana ndi mundawo yekha, mwana wawo Esnath ali kumsana, wina ali m'mimba.

"Mayi a Esnath," anatero a Yoramu tsiku lina akuvula taye ija, "Lolemba lomaliza la mwezi uno ndikupita kuboma. Galimoto la Wenela likubwera. Taonani Fanizo uja, munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake, wabwerako ku Joni ndi njinga. Ine ndikulephera kudyetsa mwana mmodzi."

Edna anasiya zimene ankachita n'kuwayang'ana. Akazi a matchona ankawadziwa bwino, ankawaona tsiku ndi tsiku pakhomo pake pomwepo. Ena amuna awo ankabwerako, ena ankangotumiza bulangete, ena zii mpaka lero. Iye sankafuna bulangete, ankafuna mwamuna wake.

"Nanga munda utapaliridwa, bambo a Esnath?"

"Utapaliridwa ndiye kuti chaka chino tidya. Tikadya, ndipitirenji? Koma aupalira ndani?"

Apa m'pamene Edna anaganiza za dima. M'mudzimo, munthu ntchito ikamukulira ankafulula mowa n'kuitana anzake, iwo n'kumulimira munda wonse tsiku limodzi, kenako n'kumwa. Koma mkazi wa mphunzitsi kufulula mowa? Akanadulidwa mumpingo, ntchito n'kuthera pomwepo. Choncho anaphika thobwa. Anakokolola mawere onse amene anatsala, nathira ufa mosaumira, mpaka mbiya zazikulu zinadzaza. Thobwa lake linali lonunkhira, loti ukamwa umanyambita milomo.

Cholakwa chinali chimodzi. Edna anali mwana wamasiye wokulira kumishoni, kumene chilichonse chimayenda ndi belu ndi chilengezo. Ndiye anapita kwa a Cosmas, mkulu wa mpingo, kuti alengeze. A Cosmas, poti kulengeza ankakukonda kuposa kudya, anaimirira atatha mapemphero nati, "Lachinayi nonse mufike kumunda kwa aphunzitsi ndi makasu anu. Osachedwa!"

Lachinayi linafika. Edna anatuta mbiya zake mbandakucha, naziika pansi pa mtengo wa msuku, nayala mphasa, nakhala. Dzuwa linatuluka. Mame anauma. Munthu olo mmodzi! Ntchentche zokha ndi zimene zinamvera a Cosmas. Edna anayang'ana thobwa lija, mawere ake omaliza, misozi n'kuyamba yokha.

"Odi kumunda kuno! Kodi kwagwa maliro?"

Anali Regina, mayi wa pakhomo loyandikana ndi lawo, khasu lili paphewa, akupita kumunda kwake. Regina anali mayi wa pakamwa posatseka, woti akakukalipira umathokoza kuti sanakumenye.

"Anthu andikana, amayi," anatero Edna. "Kaya n'chifukwa choti si mowa."

"Akukanani? Inu munaitana ndani?"

"A Cosmas analengeza m'tchalitchi."

Regina anaponya khasu pansi nawomba m'manja. "Mayo ine! Ndiye linali dima limene lija? Ife timayesa amishoni abweretsa thangata lina, loti tizikalimira anthu awo ulere! Mnzanga Lufina mpaka anati akadwala mutu Lachinayi. Akazi a aphunzitsi, ife si ana a sukulu oitanidwa ndi belu. Dima umapita wekha pakhomo pa munthu, kugwada, kumupatsa kalawe alawe, n'kumuuza kuti mnzanga, udzu wandigonjetsa. Amene uja akalawa, wamangika. Sanakuphunzitseni zimenezi kumishoni?"

"Anatiphunzitsa kusita ndi kuluka masokosi."

"Masokosi! Dzukani apa. Tungani m'kamtsuko ako, tengani chikho. Mwanayo ndipatseni ndibereke ine."

Anayamba kuyenda, Regina patsogolo, Edna pambuyo ndi kamtsuko pamutu. Lufina anamupeza pakhonde atamanga kansalu kumutu, akubuula mwaluso ndithu. Edna anagwada, napereka chikho ndi manja awiri.

"Amayi, udzu wandigonjetsa. Munda ukapanda kupaliridwa, bambo a Esnath akupita ku Joni Lolemba."

Lufina anasiya kubuula. "Ku Joni? Aphunzitsi? Akusowa chiyani, anthu olandira ndalama mwezi ndi mwezi?"

Edna anawerama namunong'oneza malipirowo.

"Basi?" Lufina anakuwa. "Ndi taye yonse ija? Ine nkhuku zanga zimandipatsa zoposa pamenepo! Ndiye Mzungu wa kumishoni uja amabwera pano pa njinga yamoto, fumbi kobo, kudzawerenga ana athu ngati mbuzi, osachita manyazi?" Anagugudiza chikho chonse, napukuta pakamwa. "Si mowa, koma ndalawa. Mutu wapola. Khasu langa lili kuti?"

Janeti, mmodzi wa amayi a makalata aja, anamupeza ali kale m'munda mwake. Iye sanadikire n'komwe kuti Edna amalize kugwada.

"Akapita aphunzitsi, makalata a bambo a kwathu azindiwerengera ndani? A Cosmas? Aja amawerenga mokuwa ngati akulalikira, mudzi wonse n'kudziwa kuti mwamuna wanga wandisowa usiku! Aphunzitsi amawerenga motsitsa, maso ali pansi, ndipo sanandipemphepo ngakhale dzira. Bweretsani chikhocho kuno."

Kuchokera pamenepo nkhani inathamanga yokha kuposa miyendo yawo. Komabe Regina sanalole kudumpha khomo ngakhale limodzi. "Wodumphidwa adzakusungirani mpaka kumanda," anatero. Edna anagwada mpaka maondo anachita dothi lofiira, kamtsuko kanatha, anakatunganso. Khomo lililonse ankalandira mawu: wina kumuseka za belu, wina kutukwana amishoni, gogo wina kumugwira pamimba n'kumuuza kuti ameneyu ndi mwamuna. Edna anali atakhala m'mudzimo zaka zingapo, koma tsiku limenelo ndi limene analowa m'nyumba za anthu.

Dzuwa lisanafike pamutu, m'munda mwa aphunzitsi munali mutadzaza. Amayi anandanda mzere umodzi kuyambira kunjira mpaka kumsuku, madoda ochepa amene anatsala m'mudzi ali kumapeto, makasu akugwa pamodzi kuti khu! khu! Lufina, wodwala mutu uja, ndiye anayambitsa nyimbo yopeka pomwepo:

"Taye pakhosi, m'mimba muli zii,
Aphunzitsi musapite, udzu tathana nawo!"

Onse anavomera, nthungululu zili pakamwa. Ngakhale a Cosmas anabwera, koma poti msana unkawavuta, anadzipatsa udindo wolondera mbiya, n'kumalawa pafupipafupi kuti atsimikize ngati thobwalo silinasanduke chinthu choletsedwa.

Sukulu inali kuseri kwa kachitunda. Ana atamva mawu a amayi awo, anayamba kusuzumira pawindo, kenako mmodzi anati akukataya madzi, wina naye, mpaka a Yoramu anatsala okha ndi bolodi. Anatuluka mokwiya, choko chili m'manja, kutsatira ana awo. Atafika pamwamba pa kachitunda anaima chilili.

Chimanga chinkaoneka. Mizere yoyera bwino, dothi lofiira lotembenuzidwa kumene, udzu uli milumilu m'mphepete ukufota. Ana awo a sukulu anali balalabalala kututa udzuwo. Pakati pa onsewo panali Edna, maondo ali mbuu, akuseka ndi Lufina ngati anabadwa mimba imodzi.

Regina anawaona. "Aphunzitsi, tsikani kuno, musaime ngati mwaona mzukwa! Tamva zimene amakupatsani amishoni. N'zachipongwe, ndipo Mzungu wanuyo akadzabwera tidzamuuza pamaso, inu mudzatanthauzire bwinobwino osachotsapo mawu. Ndalama ife tilibe. Koma makasu tili nawo. Chaka chilichonse tiziyamba ndi munda umenewu, bola akazi anu azibwera okha ndi chikho, osatitumizira a Cosmas."

"Ndamva nawo!" anatero a Cosmas kuchokera kumbiya, anthu n'kufa nacho chiseko.

A Yoramu anatsikira kumunda kuja. Anachotsa taye, naipinda, naiika m'thumba, natola khasu la Janeti. Amayi anakuwa kuti alisiye, mwini dima salima, amatunga thobwa. Choncho mphunzitsi wa mudzi wonse anazungulira mzere ndi chikho, kugwadira mayi aliyense, amayiwo akumuuza kuti agwade bwino.

Atafika pa mkazi wake, anagwadanso. Edna analandira chikho koma sanamwe.

"Nanga Lolemba, bambo a Esnath?"

A Yoramu anayang'ana chimanga, nayang'ana ana aja akulimbirana mulu wa udzu, napukuta m'maso ndi dzanja la choko mpaka nkhope inayera.

"Lolemba kuli sukulu, mayi a Esnath."