Abale Ake Anali Kuti?

Kagalasi ka nambala 47 kanafika pa tebulo la Diso nthawi ya nkhomaliro itayandikira. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'chipinda choyezera magazi, chifukwa pa zaka khumi ndi ziwiri panalibe kachilombo ka malungo kamene kanazembapo maso a mayi ameneyu. Ntchito ankaidziwa, koma pakamwa pake panali pakuthwa.

Anaika kagalasiko pa makina oonera tizilombo, n'kuwerama. Tizilombo tinangoti mbwee, malo oponya diso osaoneka. Pepala la zoyeza zina linali litatuluka kale, ndipo nalo silinali labwino: magazi achepa kwambiri, shuga watsika, impso zayamba kufooka.

"Uyu wadwala sabata yathunthu," anatero Diso osadzutsa mutu. "Abale ake anali kuti? Kumangomuonerera munthu ngati nkhuku ya chitopa."

Mnzake wa ntchito, amene onse ankamutchula Wamtali, anaseka. Funso limeneli ankalimva tsiku ndi tsiku.

"Chaona mnzako chapita, mayi. Lembani msanga, anamwino akudikira."

Wamtali anayamba kuwerenga fomu mokweza: mayi woyembekezera, pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, wakomoka kawiri, maso achita chikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Diso anatambasula dzanja kuti alembe zimene wapeza. Pamwamba pa fomupo panali dzina la mng'ono wake.

Cholembera chinagwa pansi. Lolemba lomweli mng'ono wakeyo anaimba foni kudandaula mutu, kuphwanya kwa thupi ndi kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo. Diso anali ndi magalasi makumi atatu patsogolo pake. Anamuyankha mwachidule kuti pakati ndi choncho, amwe mankhwala a mutu n'kupuma, asamathamangire kuchipatala ndi kalikonse. Lachinayi foni inaliranso kawiri. Anaiyang'ana, n'kunena mumtima kuti aimba akaweruka. Sanaimbe.

Pakati pameneponso si pamasewera. Mng'ono wakeyo anapadikira zaka zisanu ndi chimodzi, apongozi ake atalankhula mpaka malovu kuuma.

Diso anathamangira ku wodi ya amayi osavula n'komwe magolovesi. Pakhonde anapeza mlamu wake atatsamira khoma, m'manja atagwira masilipasi a mkazi wake. Bamboyo anafotokoza kuti anafuna kubwera naye Lachitatu, atayamba kusanza, koma mkaziyo anakana, ati akulu ake anena kale kuti palibe choopsa. Lero m'mawa ndiye anayamba kubwebweta, osazindikira ngakhale mwamuna wake.

"Mwayi wake muli pano, alamu," anatero. "Mtima wanga wakhalako pansi."

Bola akanamutukwana. Mawu aulemuwo anamulasa Diso kuposa mbama.

Magazi ake ndi a mng'ono wakeyo anali amtundu umodzi, choncho Diso anagona pabedi n'kupereka botolo lake. Zimenezo zinali zosavuta. Chovuta chinali kuima pambali dokotala akuyendetsa kachipangizo komvera mtima wa mwana pamimba ya mng'ono wake. Anakasuntha uku, anakasunthanso uko, anadikira. Pomaliza anakazimitsa, n'kumufunditsa wodwalayo bwinobwino. Diso anali wachipatala, sanafunike kuuzidwa.

Pa tsiku lachitatu tizilombo tinachepa, mkodzo unayamba kuyera, ndipo mng'ono wakeyo anatsitsimuka. Za mwana anali atauzidwa kale. Misozi inali itatha, anangogona chagada, milomo itang'ambika, dzanja lili pamimba. Diso anakhala pamphepete pa bedi akumupukuta nkhope ndi kansalu konyowa, akudikira chilango chake.

"Asisi," anatero wodwalayo motsitsa. "Ndinamwa monga munandiuzira muja, awiri m'mawa, awiri madzulo. Ndinapumanso. Kapena ndinalakwitsa kamwedwe kake?"

Diso anafinya kansalu kaja mpaka madzi kudonthera pa nsapato zake.

"Sunalakwitse kanthu iwe. Ndine."

Atabwerera ku ntchito, kagalasi koyamba kanali ka munthu winanso wobwera mochedwa, tizilombo tili mbwee. Wamtali anaima kudikira funso lija. Diso anawerenga tizilomboto, analemba nambala yake, n'kupereka fomu.