Khadi Limene Silinathe

Bambo anga, a Pechimuthu, amaombeza pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi depoti ya mabasi mumzinda wa Tirunelveli. Munthu akatchula dzina lake, chinkhwe chimatuluka m'khola, n'kusolola khadi limodzi ndi mlomo, iwo n'kumasulira.

Makadiwo anali atatheratu: m'mbali modyekadyeka, akununkha thukuta ndi mafuta a kokonati. Ndinkachita nawo manyazi, choncho ndinawagulira atsopano, onyezimira.

Anawagwiritsa ntchito tsiku limodzi lokha. Mayi wina wogulitsa maluwa anawayang'ana n'kunena kuti, "Makadi a dzulodzulowa akudziwapo chiyani za mavuto anga?" Ananyamula dengu lake n'kumapita.

Madzulo ndinawapeza bambo akumata makadi akale aja ndi phala la mpunga, maso ali lendee.

"Ababa, simutopa nazo nsanzazi?"

"Ndinatopa kalekale, mwanawe. Koma sindine ndinawang'amba."

Anawayala pamkeka. Kwathu kuno munthu akalandira khadi labwino amaligunditsa m'maso, ena amalipsompsona. Khadi la ukwati linali litafewa ngati kansalu. La ntchito ya kunja linali lomatamata. La mwana nkhope yake inafufutika ndi misozi ya azimayi.

Limodzi lokha linali lowala ngati logula lero.

"Limeneli ndiye la imfa?" ndinafunsa.

"Ayi. Limati zimene uli nazo n'zokwanira." Anayasamula, n'kuchipatsa chinkhwe kambewu ka mpunga. "Limatuluka kawirikawiri ndithu. Koma chiyambire ntchitoyi, palibe amene analikhudzapo. Onse amangoti mbalameyo isankhenso."