Chitseko cha Atelala

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri, maphunziro anasamukira pa wailesi. Pa mdadada wonse wa zipinda zisanu ndi chimodzi, wailesi yolira inali imodzi yokha, ya atelala a chipinda cha kumapeto. Ndiye teni koloko m'mawa ikamakwana, Mzime ankanyamula kope n'kukakhala pa kampando pafupi ndi makina awo osokera.

Mkulu wake, amene anthu ankangomuti Make Khanda, poyamba anathokoza. Atelala anali munthu wotamandika masiku amenewo. Ankasoka masiki a zigamba zotsala n'kumagawa ulere, ndipo amayi pampopi sankatha kuwatchula osawadalitsa.

Sabata yoyamba chitseko chinkakhala chotsegula. Yachiwiri anachibweza pang'ono, ati ana akusokosa pabwalo. Yachitatu anachitseka, ndi zenera lomwe. Tsiku lina Mzime anabwerako ndi masiki yamaluwa, ya kaleyisi m'mbali.

"Anachita kundiyeza ndi tepi," anatero akudziyang'anira pa kagalasi, "kuchokera khutu ili mpaka ili. Akuti nkhope ngati yangayi ndi yosowa."

"Enawa anawayezanso?"

"Achemwali inunso! Nsanje mpaka pa kansalu?"

Make Khanda anakumbukira zimene zinamuchitikira ali mtsikana. Kwa iye sinali masiki, zinali nsapato za sukulu, zochokera kwa bambo wina amene ankamuthandiza masamu. Masamuwo anathera pa mimba, mimbayo inapita padera, bambo uja anasamuka, ndipo Make Khanda kusukulu sanabwererenso.

Za chitseko chotseka chija anauza mwamuna wake, kondakitala amene ankangogona masana chiimireni mabasi.

"Iwe, munthu akuthandiza mlamu wanga ulere," anatero osatembenuka n'komwe. "Komanso uja ndi msuweni wa alandilodi. Ukufuna tikagone kuti ndi mliriwu?"

Lachinayi kunabwera azaumoyo awiri, bambo wa chimkuzamawu ndi mayi wonyamula ndowa yophunzitsira kusamba m'manja. Make Khanda anakokera mayiyo pambali, khanda lili kumsana, n'kumufotokozera zonse.

"Mtsikanayo akutsokomola?"

"Ayi."

"Thupi likutentha?"

"Ayi mayi, ndikunena kuti bambo wamkulu akudzitsekera ndi mwana wa zaka khumi ndi zinayi."

"Amuchita kanthu?"

"Ndidikire amuchite kaye?"

Mayiyo anakonza masiki yake. "Za ana zili ndi ofesi yakeyake, koma anatseka mpaka mliri uchepe. Chachikulu anawa asamayendeyende. Pakhomo ndiye potetezeka."

Make Khanda anayang'ana chitseko chija. Chinali chotseka, teni koloko itadutsa kale. Anatembenukira mayiyo.

"Chabwino. Nanga anthu a nyumba zosiyana kukhala m'kachipinda kopanda mpweya, chitseko ndi zenera zotseka, masiki atavula, zimenezo n'zololedwa?"

"Atavula?" Mayiyo anatula ndowa pansi. "Kuti kumeneko?"

Anagogoda onse awiri, wachimkuzamawu akukuwa kuti atsegule msanga. Loko analira. Mzime anali pa kampando, masiki ili pamiyendo, kope lotseka. Wailesi inkanong'ona pansipansi, mphunzitsi akudziwerengera yekha. Atelala anaseka kaseko kouma, tepi ikulendewera m'khosi.

Azaumoyo aja anawakalipira atelala kokwana. Chitseko chizikhala chotsegula, zenera chimodzimodzi, mwanayo azikhala pakhomo penipeni, mamita awiri kutali ndi iwo. Za kutsekera mtsikana palibe anatchulapo. Anakamba za mpweya basi, n'kuwathokoza atelala chifukwa cha masiki, n'kumapita.

M'mawa mwake Mzime anapitanso ndi kope lake.

"Mabatire atha," anatero atelala, osadzutsa mutu pa makina. "Ukawauze akulu ako akugulire yako."

Masana omwewo nyimbo zinkamveka m'chipinda mwawo, chitseko chili chotseka. Pampopi amayi anangoti zii Make Khanda atafika, kenako wina anati, "Ena sukulu inawakana, ndiye safuna anzawo aphunzire." Mwamuna wake anadya osamuyankhula.

Mzime anamupeza mkulu wake akuchapa kuseri.

"Mwasangalala? Mayeso akadzabwera ndidzalemba chiyani? Mumafuna ndidzathere ngati inu, pa beseni la matewera!"

Make Khanda anafinya thewera mpaka zala zinayera.

"Dana nane, mng'ono wanga," anatero. "Udane nane chaka chonse, bola m'mimba mwakomo muli chakudya chokha."

Anamasula chingwe choyanikira kuseriko n'kukachimanga kutsogolo, kuchokera pakhomo pawo mpaka pa msomali wa pafupi ndi zenera la atelala, kuti azichapa chitseko chija akuchiona. Teni koloko ya tsiku lotsatira inapeza Mzime ali pakhonde, atamufulatira mkulu wake, kope lili pamaondo, tsamba lopanda kanthu.