Pulagi Yotentha M'kaboti ka Malemu

Mafuta analimo, injini inkaoneka yabwinobwino, koma kulira ayi. Phuma anakoka chingwe cholizira mpaka phewa linayamba kuwawa. Kaboti kanangokhala duu patebulo.

Kabotiko sikanali kake. Kanali ka achimwene ake, amene anamwalira mvula itangoyamba. Kanali kotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, koyendetsa ndi rimoti. Pisitoni ya injini yake malemuwo anachita kusula okha pa makina a kuntchito, n'kumaipala pang'onopang'ono mpaka inalowa ndendende. Yofanana nayo kunalibe m'sitolo iliyonse. Loweruka lililonse ankaliza injiniyo kuseri kwa nyumba asanapite kudamu, akazi awo n'kumakalipa kuti akudzutsa anthu.

Tsopano akazi omwewo, alamu ake a Phuma, anali atamanga katundu kuti abwerere kwa makolo awo Loweruka madzulo. Anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Alamu, ndisanachoke ndikufuna ndimve kabotika kakulira pamadzi. Ndinkadana nalo phokoso lija mwini wake ali moyo. Lero pakhomo pangoti zii, mpaka mutu ukundiwawa."

"Musadandaule, alamu. Kalira basi," anatero Phuma.

Phuma anali mmisiri wowotcherera mageti ndi mazenera, ndipo dzinalo sanamupatse mwangozi. Munthu wake ndi uja amamwa tiyi ataimirira. Atamasula pulagi pamutu pa injini n'kuigunditsa ku batire, kawaya ka m'kati sikanafiire. Pulagi inali itafa. Anaitenga pamodzi ndi botolo la mafuta n'kupita kwa mayi wina, mphunzitsi wa zamainjini kusukulu ya ntchito zamanja, amene ankathamangitsa timaboti ndi malemuwo.

Aphunzitsiwo anawerenga pa botolo, kenako anatulutsa mapulagi awiri m'kabati.

"Taonani bwino, bambo. Injini iyi si ya njinga yamoto. Batire imangofiiritsa kawaya aka polizira. Mukaichotsa, kawayako kamakhalabe kofiira, ndipo ndi kamene kamayatsa mafuta. Iyi ya kawaya kowonda ndi yotentha, imayatsa msanga. Iyi ya kawaya konenepa ndi yozizira, imachedwerako. Inu mukufunika yozizirayi."

"Yozizira? Ine ndimayesa mafuta amphamvu amafuna pulagi yamoto."

"Ambiri amaganiza choncho, ndipo ndi mmene injini zimafera. Mafuta a achimwene anuwa ndi aukali, muli nayitulo wambiri, mankhwala aja owonjezera mphamvu, komanso injiniyo anaipanikiza kwambiri. Mukaika yotentha, moto uphulika pisitoni isanafike pamwamba, ndiye zizimenyana m'katimo. Yotentha ndi ya mafuta ofatsa, kapena tsiku lozizira kwambiri."

Phuma anagwedeza mutu, koma phazi limodzi linali litaloza kale kukhomo.

"Musanathamange," anatero aphunzitsiwo. "Yozizirayi imavuta kwa munthu wosazolowera. Izima kangapo, musapse mtima, muzipotokola kasingano kochepetsa kapena kuonjezera mafuta pang'onopang'ono. Mukamva injini ikuthetheka ngati madzi agwera m'mafuta amoto, zimitsani pomwepo. Loweruka m'mawa ndili ndi ophunzira, koma masana ndifika kudamu. Mundidikire."

Loweruka dzuwa linatentha kuyambira m'mawa. Phuma ndi alamu ake anafika kudamu nthawi ikadalipo yambiri. Alamuwo anakhala pamwala, jekete la malemu lili pamiyendo. Kudikira masana kunamukanika Phuma. Anaika pulagi yozizira, nakoka chingwe. Injini inalira, koma atangochotsa batire inazima. Anayesanso, chimodzimodzi. Thukuta linali kamukamu, ndipo manyazi anamugwira, poti alamu ake ankangomuyang'ana.

Apa m'pamene panatulukira bambo wina wotchedwa Katswiri. Dzinalo anadzipatsa yekha. Sankasowa kudamuko, ngakhale kaboti kake palibe amene anakaonapo kakumaliza mpikisano.

"Amwene, mukuvutikiranji? Mwaika chiyani umu?"

"Yozizira. Andipatsa aphunzitsi."

"Aaa, za m'kalasi izo! Chinthu chikuzima, inu mukuikamonso chozizira? Tengani iyi, yotentha kwambiri. Kukoka kamodzi, basi."

"Anati iwononga injini."

"Iwononga pa kanthawi kochepa komweka? Nanga mayiwa akwere basi osamva kanthu?"

Mawu otsirizawo ndi amene anamugwetsa Phuma. Anamasula pulagi yozizira, naiponya m'thumba la malaya, n'kumanga ya Katswiri. Zoonadi, anangokoka kamodzi injini n'kulira. Atachotsa batire sinazime. Anakaika pamadzi kabotiko, ndipo kanachoka ngati kakuthamangitsidwa, madzi akugawikana kumbuyo. Mtima wa Phuma unagunda ndi chimwemwe. Anacheuka kuti aone alamu ake akumwetulira.

Alamuwo anali ataimirira, nkhope ili gwaa.

"Alamu, si mawu ake amenewa."

"Mwati bwanji?"

"Sikankalira choncho. Aka kakulira ngati kakumva kuwawa."

Mayi amene sankadziwa kuti pulagi n'chiyani anamva zimene amuna awiriwo anakana kumva. Pansi pa kulira kuja panali kuthetheka, the the the, kuja ananena aphunzitsi. Phuma anakumvadi. Chala chake chinayamba kubwerera pa rimoti kuti azimitse injini.

"Ndiye mphamvuyo, amwene!" anakuwa Katswiri. "Tsegulani yonse!"

Anatsegula yonse. Kabotiko kanafika pakati pa damu kakukuwa, kenako kunamveka kuti gwa! Kautsi koyera kanatuluka, ndipo padamu ponse panangoti zii. Phuma anayamba kuvula nsapato kuti asambire, koma alamu ake anamugwira malaya.

"Ndaika kale m'manda munthu mmodzi wa banja lino. Khalani pansi."

Anakhala pansi, n'kumadikira mphepo kuti ikakankhire kumtunda. Kudikira kumene anakukana m'mawa kuja anakuchita tsopano, mopanda phindu. Pamene kabotiko kankafika m'bango, aphunzitsi nawo anali akufika. Katswiri ndiye anali atakumbukira kuti ali ndi kopita.

Aphunzitsiwo anamasula pulagi. Kawaya munalibe, kanali katasungunuka n'kugwera m'injini. Atatsegula mutu wa injini, anamuonetsa Phuma pisitoni. Inali itabooka pakati, m'mbali monse muli mikwingwirima.

"Ikonzeka, aphunzitsi?" anafunsa Phuma.

"Kukuuzani zoona, ayi. Injini ina mutha kuikamo, kabotika n'kuyenda. Koma iyi anaidziwa ndi amene anaisula, ndipo kulira kuja kunali kwa iyi yokha." Anapukuta manja pa kansalu. "Zikundipweteka nanenso. Mukanangodikira pang'ono."

Phuma anafuna kuti alamu ake amukalipire, amutukwane ngakhale pagulu. Zikanamupepukira. Koma iwo anatenga kabotiko, nakakulunga m'jekete lija mosamala, mafuta akuda akudontha pa nsalu.

"Alamu, pepani. Ndimafuna kuti musapite osamva."

"Ndamva," anatero motsitsa mawu. "Mawu aja ndinali nawobe m'makutu, ndimangofuna kuwatsitsimutsa. Tsopano ndikatseka maso ndizimva awa."

Madzulo anawaperekeza kokwerera basi. Katundu yense anakwera pamwamba, koma kabotiko anakafungata pamiyendo. Basi itanyamuka, Phuma anapisa m'thumba la malaya kufuna kansalu kopukutira misozi. Dzanja linagunda pulagi yozizira ija, yatsopano, kawaya kake kali bwinobwino.

Phunziro: Pulagi imasankhidwa poyang'ana mafuta, injini ndi nyengo, osati poona imene yaliza msanga. Mafuta a nayitulo wambiri amafuna pulagi yozizira, ndipo ofatsa amafuna yotentha. Injini ikayamba kuthetheka, zimitsani. Ngati chimene mwagwira chilibe chinzake, dikirani wodziwa afike.